Y2K: manambala awiri amene anasowetsa dziko lonse tulo

Mu 1992, gogo wina wa zaka 104 wa ku Minnesota, ku America, analandira kalata yomuitana kuti akayambe sukulu ya mkaka. Sikuti wina ankamuchita chipongwe ayi. Gogoyo anabadwa mu 1888, ndipo m'kaundula wa pakompyuta chaka chake chobadwa chinalembedwa ndi manambala awiri okha, 88. Kompyuta posankha ana ofika msinkhu wopita kusukulu inangochotsa 88 pa 92, n'kupeza kamwana ka zaka zinayi. Ambiri amene anamva nkhaniyi anaseka n'kuiiwala. Koma panali anthu ochepa amene sanaseke, chifukwa ankadziwa kuti zimene zinagwera gogoyu zinkadikira pafupifupi aliyense amene dzina lake linali m'kompyuta, ndipo tsiku lake linali lodziwika kale: 1 Januwale 2000.

Ili ndi vuto lija linatchuka ndi dzina loti Y2K, chidule cha Chingerezi chotanthauza chaka cha 2000, pamene ku Britain ankalitchula kuti millennium bug. Achinyamata ambiri lero sanalimvepo, ndipo akuluakulu amene amalikumbukira amakonda kunena kuti linali bodza la anthu ofuna kugulitsa makompyuta. Ine sindigwirizana nawo. Mantha ena analidi okokomeza, koma vutolo linalipo ndithu, ndipo anthu anakhetsa thukuta zaka zambiri polikonza.

Tonsefe timalemba deti mwachidule. Pa risiti kapena m'kabuku ka kuchipatala munthu amalemba 14/3/98, ndipo palibe amafunsa ngati 98 ameneyo ndi 1898 kapena 1998. Mutu umadzazira wokha. Kompyuta ilibe mutu wotero. Olemba mapulogalamu ankaiuza kuti izisunga manambala awiri omalizira okha, 19 wakutsogoloyo azingoganiziridwa kuti alipo. Zinkayenda bwino malinga ngati chaka chatsopano chili ndi nambala yaikulu kuposa chaka chatha. Koma 99 akatha chotsatira ndi 00, ngati mmene mita yowerenga makilomita ya minibasi yakale imabwererera pa ziro ikadzadza, galimoto yotheratu n'kumaoneka ngati yangotuluka kumene kufakitale.

Tengani munthu wobadwa mu 1965. Mu 1999 kompyuta ikachotsa 65 pa 99 inkapeza zaka 34, zolondola. Chaka chotsatira ikachotsa 65 pa 00 yankho linali -65. Pulogalamu ina ikaona nambala yotere inkangoima. Ina inkataya kachizindikiro kakutsogoloko n'kunena kuti munthuyo ali ndi zaka 65, nthawi yopuma pantchito yakwana. Ngongole yotengedwa mu 98 yoti ibwezedwe mu 00 inkasokoneza mawerengedwe a chiwongoladzanja. Mankhwala kapena chakudya cham'zitini choti chidzawonongeka mu 00 chinkaoneka ngati chinawonongeka kalekale mu 1900. Ndiye panalinso mapulogalamu amene ntchito yawo ndi kufufuta mafayilo akale kuti malo apezeke. Kwa iwo fayilo ya 00 ndiyo inali yakale kuposa onse, pamene inali yalero.

Zoopsa kwenikweni sizinali pulogalamu kuima, chifukwa ikaima aliyense amaona ndipo amaitana wokonza. Zoopsa zinali pulogalamu kupitiriza kugwira ntchito bwinobwino uku ikutulutsa mayankho olakwika, mayankhowo n'kumalowa m'makompyuta ena, a banki kupita kwa a inshuwalansi, a inshuwalansi kupita kuboma, popanda wozindikira.

Nanga anthu ophunzira chonchi analekeranji manambala awiri okhawo? Sikunali kupusa. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, zinthu zinkalowetsedwa m'kompyuta kudzera pa makhadi olimba obowola timabowo, ndipo khadi limodzi la kampani ya makompyuta ya IBM linkanyamula zilembo 80 basi. M'malo 80 amenewo munayenera kukwana dzina la munthu, nambala ya akaunti, ndalama ndi madeti angapo. Malo osungira zinthu mkati mwa kompyuta analinso okwera mtengo koopsa. Kulemba 19 pa deti iliyonse ya makasitomala mamiliyoni kunali kutaya ndalama pa chinthu chodziwika kale. Mu 1998 Alan Greenspan, amene pa nthawiyo anali mkulu wa banki yaikulu ya America, anauza aphungu a nyumba ya Senate kuti iyenso anali mmodzi mwa oyambitsa vutoli. Anati m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ankalemba mapulogalamu otere ndipo ankanyadira kuti wapulumutsa malo posiya 19, osaganizako kuti mapulogalamuwo adzakhala akugwirabe ntchito patapita zaka makumi angapo.

Apa m'pamene panagona nkhani. Mapulogalamuwo sanafe. Ambiri analembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa COBOL, chimene chinayamba mu 1959, ndipo mabanki, maofesi a misonkho ndi makampani a ndege anapitiriza kuwagwiritsa ntchito chifukwa sankavuta. Makina ankasinthidwa, koma pulogalamu yakale ija inkangosamutsidwira m'makina atsopanowo, ena n'kuwonjezerapo zawo pamwamba. Oilemba anapuma pantchito, ena anamwalira, ndipo m'malo ena ngakhale zolemba zofotokoza mmene pulogalamuyo inapangidwira zinasowa.

Ochenjeza analipo kuyambira kale. Bob Bemer, katswiri amene anagwirapo ntchito ku IBM, anazindikira vutoli mu 1958 pamene ankathandiza pa ntchito yosunga mbiri ya mibadwo ya mabanja, momwe madeti a m'ma 1800 ndi a m'ma 1900 amakumana patsamba limodzi. Analemba machenjezo m'zaka za m'ma 1970, koma ndani akanatulutsa ndalama pa vuto lodzachitika iye atapuma kale pantchito? Zinthu zinayamba kusintha mu 1993, pamene Peter de Jager wa ku Canada analemba nkhani yochenjeza mwamphamvu m'magazini ya Computerworld, n'kuyamba kuyendayenda m'maiko kulalikira za vutoli. Komabe chimene chinadzutsa mabwana a makampani sichinali ulaliki. Chinali kuona zinthu zikuyamba kukanika 2000 asanafike n'komwe. Makhadi a kubanki okhala ndi chaka chothera cha 00 anayamba kukanidwa m'masitolo, moti kwa kanthawi mabanki anaimitsa kaye kutulutsa makhadi otere. Mu 1997 sitolo ina ya zakudya ku Michigan inasumira kampani imene inaigulitsa makina olipirira, chifukwa makinawo ankafa nthawi iliyonse kasitomala akapereka khadi la 00.

Panalinso kena kobisika. Chaka chimakhala ndi 29 Febuluwale ngati nambala yake igawika ndi 4, kupatula zaka zothera ndi 00, zimene zimayenera kugawika ndi 400. Choncho 1900 inalibe tsikuli koma 2000 inali nalo. Olemba mapulogalamu ena ankadziwa theka la lamuloli lokha. Kuti tsiku limodzi lingathe kuwononga zinthu zinaoneka pa 31 Disembala 1996 pa fakitale yosungunula aluminiyamu ya Tiwai Point ku New Zealand. Makompyuta oyendetsa ng'anjo sankadziwa kuti chaka chingakhale ndi masiku 366, ndiye tsiku la 366 litafika anazima onse nthawi imodzi, ng'anjo zina n'kuwonongeka. Nkhani ngati imeneyi inautsa mantha ena aakulu, okhudza tizipangizo tamagetsi tobisika mkati mwa makina a m'mafakitale, m'zipatala, m'malo opangira magetsi ndi opopera madzi. Palibe amene ankadziwa kuti mwa tizipangizo tosawerengekati ndi tingati timasamala za deti, ndipo njira yodziwira inali imodzi yokha, kukatiyesa.

Ntchito yokonzayo inalibe chokoma chilichonse. Munthu ankakhala pa kompyuta tsiku lonse kuwerenga mizere ya pulogalamu, mzere ndi mzere, kufunafuna pamene pali deti. Vuto linali loti wolemba woyamba uja ankatcha malo a deti dzina lililonse limene lamubwerera m'mutu, mwina chidule chimene ankachimva yekha. Banki imodzi yaikulu inkatha kukhala ndi mizere mamiliyoni makumimakumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'ntchito imeneyi wopupuluma ankaphonya deti imodzi imene ikanagwetsa zonse. Akaipeza, njira zinali ziwiri. Yoyamba inali kukulitsa malowo kuti chaka chizilembedwa chonse, 1998 kapena 2003, zomwe zinkafuna kusinthanso mafayilo onse akale ndi mapulogalamu ena onse owerenga mafayilowo. Yachiwiri inali yachidule komanso yotsika mtengo: kusiya manambala awiri omwewo koma kuuza kompyuta kuti, mwachitsanzo, 00 mpaka 19 ndi zaka za m'ma 2000, pamene 20 mpaka 99 ndi za m'ma 1900. Ambiri anasankha yachiwiriyi podziwa kuti akungokankhira vutolo kutsogolo. Pomaliza ankapititsa wotchi ya kompyuta patsogolo, kuifikitsa pa 31 Disembala 1999 usiku, n'kuonerera ikudumpha. Ikagwa, kubwerera kukafufuzanso.

Anthu odziwa COBOL anasowa ngati golide. Okalamba amene anali atapuma anaitanidwanso ndi malipiro abwino. Ntchito yambiri inatumizidwa ku India, kumene makampani monga Infosys, Wipro ndi Tata Consultancy Services anali ndi akatswiri ambiri olipidwa motsikirapo. Y2K itadutsa, ubale umenewo sunathe, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinakweza India pa malonda a mapulogalamu. Ofesi yoona za penshoni ya boma ku America, ya Social Security, inayamba kukonza zake mu 1989, zaka khumi nthawi isanakwane.

Maboma analowererapo mochedwerapo. Mu Febuluwale 1998 pulezidenti Bill Clinton anasankha John Koskinen kuti atsogolere ntchitoyi ku America. Chaka chomwecho Clinton anasaina lamulo lolimbikitsa makampani kuuzana poyera zimene apeza popanda kuopa kusumiridwa, chifukwa maloya anali akulangiza aliyense kutseka pakamwa. Ku Britain boma la Tony Blair linakhazikitsa bungwe la Action 2000, ndipo kumapeto kwa 1999 linatumiza kabuku kofotokoza za vutoli m'makomo. Mu Disembala 1998 nthumwi za maiko oposa 120 zinakumana ku likulu la United Nations ku New York, ndipo World Bank inapereka ndalama zothandizira maiko osauka kupanga mapulani awo. Unduna wa zamalonda ku America unawerengetsa kuti dzikolo linawononga madola pafupifupi 100 biliyoni, pamene pa dziko lonse ambiri amatchula madola 300 biliyoni kapena kuposerapo.

Kwa anthu wamba nkhaniyi inafika mwa mtundu wina. Akatswiri ankakamba za mizere ya COBOL, koma pa wailesi ndi pa TV pankamveka za ndege zogwa kumwamba, magetsi ozima dziko lonse, zikepe za m'nyumba zosanja zoima pakati, ndi ndalama zosowa m'mabanki. Popeza chakacho chinali 2000, ena anaphatikizamo za kutha kwa dziko, alaliki ena n'kupezerapo mutu wa ulaliki. Ku America kunali anthu amene anagula majenereta, matumba a tirigu ndi mpunga, zakudya zam'zitini, migolo ya madzi, ngakhale mfuti. Ena anasamukira kumidzi yakutali ndi mizinda. Ogulitsa zinthu zimenezi anapha makwacha.

Akuluakulu a boma anali pampanipani. Akanena kuti palibe vuto, makampani aang'ono akanagona tulo osakonza kanthu. Akanena kuti vuto ndi lalikulu, anthu akanathamangira kumabanki kukatapa ndalama zawo zonse, ndipo banki imene makasitomala onse afika tsiku limodzi imagwa ngakhale makompyuta ake ali bwinobwino. Mantha pawokha akanatha kubweretsa chisokonezo chimene makompyuta sakanabweretsa. N'chifukwa chake banki yaikulu ya America inasindikiza ndalama zambiri zapadera n'kulengeza poyera kuti zilipo, kuti munthu asaone chifukwa chothamangira. Langizo limene Koskinen ndi anzake anakhazikikapo linali losavuta: konzekerani monga mumachitira kukamabwera nyengo yoipa ya masiku awiri kapena atatu, mukhale ndi tochi, mabatire, madzi, chakudya pang'ono, ndi mapepala osonyeza ndalama zanu za kubanki. Pamenepa ndikuona kuti anachita mwanzeru. Anapatsa anthu chochita, chaching'ono koma chokwanira kukhazika mtima pansi.

Usiku wa 31 Disembala 1999 unayambira kuzilumba za Pacific ndi ku New Zealand, dziko lonse likuyang'ana ngati magetsi a ku Auckland azime. Sanazime. Ku Sydney, Tokyo, Moscow, Johannesburg ndi London nako anayakabe. M'maofesi a mabanki ndi a matelefoni anthu anachezera pa makompyuta anzawo akuvina panja. Ku Colorado Springs, asilikali a Russia anakhala chipinda chimodzi ndi a America kuyang'anira limodzi makina ochenjeza za mizinga, kuopa kuti kompyuta yosokonezeka ingapangitse mbali imodzi kuganiza kuti inzake yaponya bomba la nyukiliya. Tsiku lomwelo pulezidenti wa Russia Boris Yeltsin anatula pansi udindo n'kusiyira Vladimir Putin, ndipo kutacha imeneyo ndiyo inali nkhani yaikulu yochokera ku Russia, osati makompyuta. Koskinen anakwera ndege madzulo amenewo kuti nthawi imene mawotchi oyendetsera ndege akulowa m'chaka chatsopano imupeze ali m'mwamba.

Zolakwika zinalipo, kungoti sizinali zogwetsa dziko. Masiku ochepa chaka chisanathe, makina masauzande ambiri olipirira ndi khadi m'masitolo a ku Britain anakana kugwira ntchito chifukwa ankawerengera masiku anayi kutsogolo n'kugunda mu 00. Ku Japan, makina ena oyang'anira zinthu pa malo opangira magetsi a nyukiliya anasokonezeka, ngakhale kuti ng'anjo zenizenizo sizinakhudzidwe. Asilikali a America anavomereza kuti kwa kanthawi sankatha kuwerenga zithunzi zochokera ku masetilaiti ena aukazitape. Masamba ambiri a pa intaneti, kuphatikizapo la ofesi yosunga nthawi ya US Naval Observatory, analemba chaka kuti 19100. Kasitomala wina wa sitolo yobwereketsa makaseti a vidiyo m'chigawo cha New York analandira bilu ya madola 91,250, ati anachedwa kubweza kaseti ndi zaka 100. Ku Norway masitima atsopano anakana kulira pa 31 Disembala 2000, tsiku la 366 lija, anthu ataiwala kale za Y2K.

Koma pali nkhani imodzi imene oseka Y2K sakonda kuitchula. Pa chipatala china mumzinda wa Sheffield ku England panali pulogalamu yowerengera ngati mayi woyembekezera ali pachiopsezo chobereka mwana wa vuto lobadwa nalo lotchedwa Down's syndrome, ndipo mawerengedwewo amadalira zaka za mayiyo. Chaka chitasintha, pulogalamuyo inayamba kuphonya zaka za amayi. Sinaime, sinalize belu lililonse. Inapitiriza kutulutsa zotsatira kwa miyezi ingapo, ndipo amayi 154 analandira mayankho olakwika. Ena anauzidwa kuti chiopsezo n'chochepa pamene sizinali choncho, motero anamanidwa mwayi wopimidwanso pa nthawi yake. Umu ndi mmene vutoli linkaonekera pamalo pamene silinagwidwe: mwakachetechete, pa anthu enieni.

Otsutsa ali ndi mfundo imene siyenera kunyozedwa. Amati maiko ngati Italy ndi Russia anawononga ndalama zochepa poyerekeza ndi America ndi Britain, koma nawonso sanaone tsoka lililonse, ndiye mabiliyoni onse aja anapita pachabe. Mbali ina akunena zoona. Tizipangizo tobisika m'makina tija titayesedwa, tochepa kwambiri ndi timene tinapezeka ndi vuto lenileni. Makompyuta ambiri abwinobwino anatayidwa, ndipo alangizi ena anadyerapo poopseza anthu. Koma kuyerekezako kuli ndi polakwika. Maiko amene anayamba kalekale kudalira makompyuta ndiwo anali ndi mapulogalamu akale ochuluka, choncho ntchito yawo inali yaikulu. Komanso IBM, Microsoft ndi makampani ena atakonza zinthu zawo, zokonzedwazo zinafika kwa makasitomala awo kulikonse, ngakhale m'maiko amene boma silinachite zambiri. Kagolosale kangathe kudikira kuti makina afe kenako n'kukonza. Makina otumiza ndalama pakati pa mabanki kapena olondolera ndege sangayesedwe mwa njira imeneyo. Ndipo amene anapititsa mawotchi patsogolo m'zaka za 1997 ndi 1998 anaona ndi maso awo mapulogalamu akugwa. Zimene anaona m'chipinda choyesera ndi zimene sitinaone pa 1 Januwale.

Mavuto a mtundu umenewu sanathere pomwepo. Mu Januwale 2010 makhadi a kubanki pafupifupi 30 miliyoni ku Germany anakana kugwira ntchito chifukwa kachipangizo ka m'khadimo sikankatha kuwerenga chaka chatsopanocho. Mu 2020 makina ena amene anakonzedwa mwachidule muja anafika pa malire awo n'kuyamba kulemba 1920. Palinso tsiku limene akatswiri akuliyang'anitsitsa. Makompyuta ambiri a mtundu wa Unix amawerenga nthawi ngati masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970, ndipo akale mwa iwo malo awo owerengera amadzadza pa 2,147,483,647. Nambala imeneyi idzakwana pa 19 Januwale 2038, nthawi ili 5:14 m'mawa ku Lilongwe, Lusaka ndi Harare, ndipo makina osakonzedwa adzabwerera ku Disembala 1901. Mafoni ndi makompyuta atsopano ambiri anakonzedwa kale. Nkhawa ili pa makina amene amaikidwa pamalo n'kuiwalika zaka makumi awiri.

Ife kuno sitinachite kudikira 2038. Ambiri amene ali ndi mita ya magetsi yogulira mayunitsi anakumana nalo vuto lomweli mu 2024, mwina osadziwa. Mamita amenewa amayendera dongosolo lopangira matokeni lotchedwa STS, limene linayambira ku South Africa. Mkati mwa manambala 20 aja mumagula muli kanambala kobisika kosonyeza mphindi imene tokeniyo inapangidwa, kuwerengera kuyambira pa 1 Januwale 1993, ndipo n'kamene kamaletsa munthu kulowetsa tokeni imodzi kawiri. Malo a kanambalaka amathera pa mphindi 16,777,216, zimene zinakwana pa 24 Novembala 2024. Kupitirira apo, tokeni yatsopano ikanaoneka ngati yakale ndipo mita ikanaikana. N'chifukwa chake makampani a magetsi a ESCOM, ZESCO, ZESA ndi Eskom anakhala akupempha makasitomala kuti ayambe alowetsa matokeni onse amene anagula kale, kenako alowetse manambala apadera awiri motsatizana asanaike mayunitsi atsopano. Ku South Africa ambiri anazengereza mpaka sabata yomaliza, ndipo pa maofesi a Eskom ku Soweto panali mizere yaitali ya anthu ogwira timapepala ta manambala a mita zawo. Mamita okonzedwawo tsopano akuwerengera kuyambira 2014, ndipo malo awo adzadzadzanso mu 2045.